Kachitsulo ka Kuseri kwa Nyumba Kamene Kamasunga Moyo

Linali Lachisanu masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinali titacheza kwa banja lina la mumpingo mwathu, ndipo monga mudziwa, Lachisanu nyumba ya Mwadiventi siikhala phee. Ndiwo za Sabata zinali pamoto, ketulo ikuwira, madzi okolopera ali mbwee pakhonde. Mtsikana wa m'nyumbamo, wazaka 12, ankasita yunifolomu yake ya Pathfinder ali wosavala nsapato. Mwadzidzidzi tinamva ayironi yagwa pansi.

"Amayi, yandilumanso!"

Liwu loti "yandilumanso" ndi limene linatiimitsa mutu. Titafunsa, mayi a m'nyumbamo anatiuza mosadandaula kuti vutolo linayamba kalekale. Firiji inkagwira shoko munthu akaikhudza ndi manja onyowa, ketulo ankainyamula ndi kansalu, ndipo ana anali atauzidwa kuti asamalowe kukhitchini opanda masilipasi. Banja lonse linali litazolowera kukhala ndi ngozi ngati mmene munthu amazolowerera chitseko cholira.

Lamulungu m'mawa kunabwera mmisiri wa zamagetsi. Sanayambire pa ayironi. Anazungulira kuseri kwa nyumba, natsata kawaya kobiriwira kosakaniza ndi chikasu kamene kanatsika ndi khoma, mpaka pamene kanathera m'malere pakati pa bedi la mpiru. Khasu linali litakadula pamene ankagaula dimbalo. Atakumba pang'ono anapeza chimene omanga nyumbayo anakhoma pansi: kachidutswa ka chitsulo chomangira nyumba, kosakwana theka la mita, kodyeka ndi dzimbiri.

"Mayi," anatero mmisiriyo, "ayironi yanu ili ndi vuto, zoona. Koma vuto lalikulu ndi lakuti magetsi akathawa m'nyumba muno alibe njira ina yodzera koma m'thupi mwa mwana wanu."

Kuchokera tsiku limenelo takhala tikufunsa mabanja amene timawayendera ngati akudziwa pamene pali chitsulo cha earth cha nyumba yawo. Ambiri sadziwa. Ena amati ndi pamene amamangirira mbuzi.

Magetsi amafuna kubwerera kwawo

Magetsi amene amalowa m'nyumba zathu kuno ku Malawi ndi a mphamvu ya ma volt 230. Amachokera ku thiransifoma kudzera pa waya wamoto, n'kugwira ntchito mu babu kapena mu ayironi, kenako n'kubwerera ku thiransifomako kudzera pa waya wa neutral. Kuthiransifomako, waya wa neutral analumikizidwa ndi nthaka. Choncho nthaka yonse imene tikuyendapoyi ndi njira ina imene magetsi angathe kudzeramo pobwerera kwawo.

Tsopano taganizirani kuti mkati mwa ayironi, pulasitiki yokuta waya wamoto yapsa, ndipo wayayo wakhudza chitsulo chakunja. Chitsulo chonsecho chimakhala ndi magetsi, koma sichisintha mtundu, sichinunkha, sichilira. Chimangodikira woti achigwire. Munthu wosavala nsapato, woima pa simenti yonyowa, amasanduka mlatho pakati pa ayironi ndi nthaka.

Thupi la munthu silifuna magetsi ambiri kuti livulale. Mphamvu ya magetsi oyenda amaiyeza mu ma ampere, ndipo ampere imodzi ili ndi ma milliampere 1,000. Munthu amayamba kumva kunyerenyetsa pa milliampere imodzi yokha. Akafika ma milliampere 10 kapena kuposerapo, minofu ya dzanja imakungika moti amalephera kusiya chimene wagwira. Akapitirira ma milliampere 30 kwa kanthawi, mtima ukhoza kusokonezeka kagundidwe, n'kuyamba kungonjenjemera osapopa magazi. Munthu wonyowa akagwira ma volt 230, m'thupi mwake mukhoza kudutsa ma milliampere oposa 200. Ana ali pangozi kwambiri chifukwa amayenda opanda nsapato ndipo amagwira chilichonse.

Apa ndi pamene pali ntchito ya mwendo wachitatu wa pulagi, wautali wapamwamba uja. Umalumikiza chitsulo chakunja cha ayironi, firiji, kuka kapena giza ndi waya wa earth. Mawaya onse a earth amakumana m'bokosi la ma breaker, ndipo kuchokera pamenepo waya mmodzi amatuluka panja kupita ku chitsulo chokhomedwa pansi. Magetsi othawa amapeza msewu wokonzedwa kale, m'malo modzera mwa munthu.

Chitsulo pachokha sichikwanira

Pali chinthu chimene ambiri sitidziwa, ndipo n'chofunika kuchimvetsa. Nthaka siilola magetsi kudutsa mosavuta monga waya. Kukana kumeneku amakuyeza mu ma ohm: ma ohm akachuluka, ndiye kuti njira ndi yothina. Tiyerekeze kuti chitsulo cha nyumba yanu chikuwerenga ma ohm 100. Waya wamoto akakhudza chitsulo cha firiji, magetsi amene angadutse ndi ma ampere 2.3 okha. Breaker ya masoketi, imene kawirikawiri imakhala ya ma ampere 20 kapena 32, siingazime ndi magetsi ochepa chonchi. Imangoona ngati mwayatsa chipangizo china. Firiji ija imakhalabe ndi magetsi oopsa.

N'chifukwa chake chitsulo cha earth chimafuna mnzake, amene amisiri amamutcha RCD kapena earth leakage. Ndi swichi ya m'bokosi la ma breaker imene ili ndi kabatani kolembedwa T kapena Test. Ntchito yake ndi kuyerekeza magetsi olowa ndi obwerera. Ikaona kuti ena asowa, ngakhale ma milliampere 30 okha, imazimitsa magetsi pasanathe gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Chitsulo chikakhala bwino, magetsi othawa amathamangira m'nthaka nthawi yomweyo, RCD n'kuzima munthu asanakhudze n'komwe. Chitsulo chikaduka, RCD imadikira mpaka wina agwire, ndiye kuti thupi la munthuyo ndilo limaidzutsa. M'nyumba yopanda RCD ndi chitsulo chomwe, palibe chodzutsa chilichonse.

Ngati RCD yanu imangozimazima, musalole munthu aliyense kuichotsa kapena kuilambalala ndi waya. Pali utsi pali moto. Ikukuuzani kuti penapake magetsi akuthawa.

Pokhoma chitsulo ndi pati?

Chitsulo chenicheni cha earth ndi ndodo yachitsulo yokutidwa ndi kopa. Zofala m'masitolo ndi zotalika mita 1.2, ndipo zina zimakhala ndi mazinga kuti zilumikizidwe ziwiri kapena zitatu n'kulowa pansi kwambiri. Pa chitsulo chabwino kopayo amakhala wochindikala pafupifupi kota ya milimita. Zilipo zotsika mtengo zimene anangozipaka mtundu wa kopa, ndipo mukazikanda ndi msomali chitsulo chimaonekera pompo. Zimenezo zimadyeka msanga, inu muli phee kuganiza kuti ndinu otetezedwa.

Chinsinsi cha malo abwino ndi chinyezi chosatha. Dothi louma limakana magetsi, lonyowa limawalola. Dothi la makande ndi la m'mbali mwa dambo ndi labwino kwambiri. Katondo, dothi lofiira limene lili m'madera ambiri a dziko lino, amagwira ntchito bwino akakhala ndi chinyezi, koma pamwamba pake pamauma gwaa m'chilimwe. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja, monga ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, suusunga madzi, choncho chitsulo chiyenera kulowa mpaka chipeze pamene pali mnyontho. Omanga m'mapiri a miyala, monga m'mbali mwa Soche, Ndirande kapena Zomba, amakumana ndi thanthwe chitsulo chisanalowe n'komwe.

Chifukwa cha zimenezi, kuzama kumaposa kunenepa. Kugula chitsulo chonenepa kawiri kumasintha zinthu pang'ono chabe, koma kuchitalikitsa kawiri kumatsitsa ma ohm ndi pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse, ndipo kumachifikitsa pa dothi limene siliuma ngakhale mu Okutobala. Chimodzi chikapanda kukwanira, mmisiri amakhoma chachiwiri n'kuzilumikiza ndi waya. Koma zisayandikane. Mtunda wa pakati pake usachepere kutalika kwa chitsulocho, ndipo kawiri kutalikako ndiye bwino koposa. Zitsulo ziwiri zoima mothithikana zimalimbirana dothi lomwelo ndipo zimagwira ntchito ngati chimodzi. Pamene pali thanthwe, amisiri amakhoma chitsulo mopendekera, kapena amakumba ngalande yozama theka la mita kapena kuposa n'kugonekamo lamba wa kopa. Chosaloledwa n'kudula chitsulo pakati chifukwa chakana kulowa.

Pa malo enieni pabwalo, nazi zimene taphunzira kwa amisiri. Chitsulo chikhale pafupi ndi bokosi la ma breaker kapena mita ya magetsi kuti waya asatalike, koma chitalikirane ndi khoma pafupifupi mita imodzi. Pansi pa denga ndi m'mphepete mwa khonde la simenti mvula siifikapo, komanso pamenepo pali maziko ndi zibuma zimene omanga anakwirira. Dothi lothira, lodzaza ndi zidutswa za njerwa, silimata chitsulo bwino. Mbali ya nyumba imene imakhala pamthunzi nthawi yaitali, kapena pafupi ndi pamene madzi a padenga amagwera, imasunga chinyezi. Pewani m'tsinde mwa mitengo yomwa madzi kwambiri monga bulugama, komanso m'ngalande mmene madzi amakokolola dothi n'kusiya chitsulo pamtunda.

Musanakhome, dziwani zimene zili pansi. Mapaipi a madzi, mapaipi a suweji ndi waya wamagetsi wopita kunyumba ya kuseri kapena kumpope zimadutsa mobisika, ndipo chitsulo chosongoka chimaboola zonsezi. Safunsa anadya phula: funsani amene anamanga nyumbayo, ndipo theka loyamba la mita likumbidwe ndi manja mosamala.

Pomaliza, chitsulo chisakhale pamene anthu ndi ziweto amapondaponda. Magetsi akamalowa m'nthaka, dothi loyandikana ndi chitsulo limakhala ndi mphamvu yambiri, imene imachepa mukamatalikira. Phazi limodzi likakhala pafupi lina patali, magetsi amakwera mwendo wina n'kutsikira wina. Ng'ombe ndi mbuzi zimavulala msanga chifukwa miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi yotalikirana, ndipo mtima uli pakati. Choncho pakhomo la khitchini, pa mpopi pamene amayi amachapira, pabafa lapanja, pakhola ndi pamene ana amasewerera phada si malo ake.

Nanga mchere ndi makala?

Amisiri ambiri amathira mchere ndi makala m'dzenje, ndipo poyeza tsiku lomwelo manambala amaoneka okongola. Vuto ndi lakuti mchere umasungunuka n'kupita ndi mvula, koma usanapite umakhala utayamba kudya chitsulo ndi polumikizira pake. Pakapita zaka zochepa mumatsala ndi chitsulo chodyeka m'dothi limene labwerera mwakale. Njira yokhalitsa ndi kuzamitsa, kuwonjezera zitsulo, kapena kugwiritsa ntchito bentonite, dongo lapadera limene limasunga chinyezi nthawi yaitali popanda kudya kopa. Kuthirira madzi m'chilimwe kumathandiza, koma chitetezo cha banja sichingadalire kuti wina akumbukire ndowa tsiku lililonse.

Tisadalirenso paipi ya madzi. Kale mapaipi onse ali achitsulo, ena ankamangirira waya wa earth pampopi. Masiku ano mapaipi ambiri ndi apulasitiki, ndipo ngakhale pamene pakuoneka chitsulo, pansi pakhoza kukhala kuti anaikapo chidutswa cha pulasitiki pokonza. Mpopi woteroyo umasanduka msampha m'malo mwa chitetezo.

Kuteteza chimene chikutiteteza

Chitsulo chenicheni sichifa msanga. Zimene zimafa ndi waya ndi polumikizira, ndipo adani ake timakhala nawo pakhomo pomwepo: khasu, chikwanje chotchetchera udzu, chingwe cha mbuzi, ana ofuna waya wopangira magalimoto, dzimbiri, ndi akuba amene amagulitsa kopa kwa ogula zitsulo zakutha.

Waya alumikizidwe ndi chitsulo pogwiritsa ntchito chomangira chake chamkuwa chokhala ndi bawuti. Kungokulunga waya pachitsulo kapena kumanga ndi mphira si kulumikiza. Polumikizirapo pakutidwe ndi girizi kapena tepi yamafuta yoletsa dzimbiri. Kuchokera pakhoma, waya adutse m'paipi yolimba yokhomereredwa kukhoma, ndipo m'nthaka akwiriridwe mozama moti khasu silingamufike. Malamulo a ku Britain a BS 7671, dziko limene timafanana nalo mapulagi, amati waya wa kopa wokwiriridwa popanda chomutchinga ku khasu akhale wa saizi 16 ngati ali wokutidwa, ndi 25 ngati ali wosakutidwa. Kawaya kowonda ngati ka mababu sikoyenera kugona m'dothi pakokha.

Mutu wa chitsulo usatulukire pamwamba pamene anthu angapunthwe kapena kuugwira, komanso usakwiriridwe mu simenti moti sungaonekenso. Njira yabwino ndi kumanga kadzenje ka njerwa kokhala ndi chivundikiro cha konkire cholemera, chimene mwana sanganyamule koma mmisiri angatsegule. Pansi pa kadzenjeko pasaikidwe simenti, kuti madzi azilowa. Pa waya pamayenera kukhala kachizindikiro kochenjeza kuti asachotsedwe. Poti kamabwera m'Chingerezi, palibe choletsa kulemba ndi penti pachivundikiro kuti "Earth ya magetsi, osakumba."

Chitetezo china n'kungouza anthu. Aonetseni ana, wothandiza pakhomo ndi aganyu olima kuti malowo ndi otani. Mukamawonjezera chipinda, kumanga khonde kapena kuyala njerwa pabwalo, auzeni omanga asanayambe kukumba. Nyumba zambiri zimataya earth pa nthawi yokonzanso, osati yomanga.

Chenjezo limodzi lalikulu: musamasule waya pachitsulo magetsi ali oyaka, ndipo mukamupeza woduka musamugwire. Ngati m'nyumba muli chipangizo chowonongeka, wayayo amakhala ndi magetsi. Zimitsani main switch, itanani mmisiri.

Maso saona ma ohm

Chitsulo chikhoza kuoneka bwino pamwamba koma pansi chitatha. Kodziwira n'kuyeza ndi makina ake. Malamulo a BS 7671 amachenjeza kuti chitsulo chowerenga ma ohm oposa 200 sichidalirika chifukwa chimasintha ndi nyengo, ndipo amisiri osamala amafuna nambala yotsika kwambiri kuposa pamenepo. Nthawi yabwino yoyezera ndi mu Seputembala kapena Okutobala, nthaka itaumitsitsa. Chimene chakhoza m'chilimwe chidzakhozanso m'dzinja, koma chokhoza mu Febuluwale sichinatiuze zonse.

Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri wokhala ndi chiphaso chochokera ku MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu m'dziko muno. Mufunseni chiphasocho, muone ngati ali ndi makina oyezera, ndipo akulembereni nambala imene wapeza ndi tsiku lake kuti mudzayerekeze ulendo wina. Amene mwaika sola yokhala ndi inverter kapena jenereta, muuzeni aonenso ngati earth ndi RCD zikugwirabe ntchito magetsi a ESCOM akazima. Ndipo dziwani kuti chitsulo chimenechi si choteteza ku mphenzi. Mphenzi ili ndi zida zakezake. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani mapulagi a wailesi yakanema ndi kompyuta.

Gawo lathu eni nyumba ndi losavuta. Kotala iliyonse, pamene tikulandira buku latsopano la Sukulu ya Sabata, tisankhe Lamulungu limodzi. Tidine kabatani ka Test pa RCD. Magetsi ayenera kuzima pompo. Tizungulire kuseri, tione ngati waya ali wathunthu, chivundikiro chilipo, ndipo dothi silinakokoloke. Tione mapulagi: amene mwendo wachitatu unathyoka, ndi mawaya ongolowetsa m'soketi n'kutsekera ndi kamtengo, zimadula njira ya earth ngakhale chitsulo chapanja chitakhala chabwino chotani. Ngati mukuchita lendi, uzani eni nyumba tsiku lomwe mwamva shoko, ndipo musagwiritsenso ntchito chipangizocho mpaka chikonzedwe.

Madikoni, nyumba ya Mulungu nayo ili ndi chitsulo chake. Zokuzira mawu ndi dziwe la ubatizo zikayandikana pamafunika kusamala kwambiri. Mu 2005, mbusa wina wa mpingo wa Baptist mumzinda wa Waco ku Texas anamwalira atagwira maikolofoni pamaso pa mpingo ali m'madzi a ubatizo. Munthu amene ali m'madzi asagwire chilichonse cholumikizidwa ndi waya.

Ngozi ikachitika, musamukoke munthuyo ndi manja. Zimitsani main switch, kapena mukankheni ndi mtengo wouma inu mutaima pouma. Ngati sakupuma, yambani kupsinja pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, wina akufuna galimoto. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, mupite naye kuchipatala, chifukwa magetsi amatha kuwotcha mkati ndi kusokoneza mtima popanda bala lalikulu kunja.

Kampanda ka masiku ano

Pa Deuteronomo 22:8, Aisraeli analamulidwa kuti womanga nyumba yatsopano aike kampanda kuzungulira denga. Madenga awo anali afulati ndipo anthu ankakhalapo, choncho wina akagwa chifukwa chosowa kampandako, mlandu wa magazi unkakhala pa nyumbayo. Mulungu amene amasamala za chakudya chathu, madzi amene timamwa ndi mpumulo wathu anasamalanso za kamangidwe ka nyumba. Ife timayesetsa kupewa fodya ndi mowa kuti tisunge thupi, limene ndi kachisi. Kusunga thupi lomwelo ku ma volt 230 ndi mbali ya udindo womwewo.

Banja lija linagula zitsulo ziwiri zenizeni, RCD ndi ayironi yatsopano. Ndalama zake zinawawa ndithu, moti anaimitsa kaye zogula matailosi a pabalaza. Bedi la mpiru linasunthidwa, ndipo pamalo pake pali kachivundikiro ka konkire kamene mtsikana uja analembapo yekha ndi penti yofiira. Titapitako Lachisanu lina, tinamupeza akusita pakhonde lomwe lija, ndipo amayi ake ananyamula ketulo ndi dzanja, opanda kansalu.

Dzuwa lisanalowe lero, tulukani muzungulire kuseri kwa nyumba yanu. Tsatani kawaya kobiriwira ndi chikasu, muone kumene kathera.